Zilembo za M'chitini cha Mng'ono Wanga

Mwana wa sukulu m'nyumba mwathu ndinali ine, ndipo ndinkafuna kuti aliyense azidziwa zimenezo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 4, ndili ndi yunifolomu imodzi, kope limodzi ndi pensulo yomwe ndinkaimangirira m'khosi ndi ulusi kuti anzanga asandibere. Mudzi wathu unali pakati pa Mitundu ndi Nathenje, ndipo popita kusukulu unkadutsa dambo, kukwera kamtunda, n'kuyendanso mpaka mapazi kutentha. Mng'ono wanga sakanatha ulendo umenewo. Anadwala kwambiri ali ndi zaka zinayi, ndipo atachira mwendo wake wamanzere unatsala wowonda, wosalimba. Ankayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, basi. Ndinkamumvera chisoni ndithu, koma ndisaname, zinkandikomeranso kuti sukuluyo inali yanga ndekha.

Atakwana zaka zisanu ndi zitatu, amayi ananena kuti amuphunzitsa okha kuwerenga ndi kulemba. Iwo anaphunzirapo ku Likuni ali mtsikana, n'kulekezera Sitandade 3. Abambo atamva anaseka.

"Mumuphunzitsa ndi chiyani, mayi a ana? Buku lake lili kuti?"

Ankanena zoona. M'nyumba munali buku limodzi lokha, la nyimbo za kutchalitchi, la tizilembo tating'ono ngati nyerere, ndipo linkakhala m'thumba la jekete ya abambo ya Lamlungu. Ine buku lowerenga sindinkabwera nalo kunyumba. Kusukulu tinkaunjikana ana asanu ndi mmodzi pa buku limodzi, ndipo belu likalira aphunzitsi ankatolera onse n'kutsekera m'kabati.

Zophunzitsira zinachokera ku Nathenje. Kumeneko kunali bambo wina wachisilamu wa golosale, wa ndevu zoyera, komwe amayi ankagulako mchere, sopo ndi parafini. Katundu ankakulunga m'manyuzipepala akale omwe m'bale wake ankamubweretsera kuchokera m'tauni. Koma bamboyo sankangong'amba pepala n'kukulunga. Ankalitenga, kuliyang'ana, kulitembenuza, kuliyang'ananso, ndiye n'kuthirapo mchere. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, mumsika sunkalowa wopanda khadi, ndipo nkhope ya mtsogoleri wa dziko inkapezeka pafupifupi m'nyuzipepala iliyonse. Kukulunga mchere ndi nkhope imeneyo kunali kuputa mlandu. Kuitaya kudzala, mlandu. Kuitentha anthu akuona, ndiye usanene. Tsamba lililonse lokhala ndi chithunzicho bamboyo ankaliika m'katoni pansi pa kauntala, ndipo katoniyo inali itadzaza mpaka kumusowetsa mtendere.

Amayi ataiona anapempha kuti awagawireko.

"Tengani onse, amayi, ndipo mukawamaliza mubwerenso," anatero bamboyo motsitsa mawu. "Koma nkhopeyo muisamale kuposa yanu."

Amayi sanapereke ngakhale tambala. Anasenza katoniyo pamutu mpaka kumudzi, mchere atamanga pansonga ya chitenje.

Masamba amenewo anali ndi mitu ya nkhani ya zilembo zikuluzikulu, zakuda bii, zina zotalika ngati chala changa. Ambiri anali a Chingerezi, chomwe amayi sankachidziwa, koma iwo sankafuna nkhanizo, ankafuna zilembo. Asanadule, ankaima pabwalo n'kukweza tsambalo kudzuwa kuti aone pomwe pali chithunzi kuseri kwake. Chilembo chikakhala kuti chagona kumsana kwa nkhope, tsamba lonselo ankaliika pa mulu wake wapadera pansi pa bedi, womwe ankautcha mulu wosakhudza. Kukachita mitambo sankadula n'komwe. Zilembo zodulidwazo ankazisunga m'chitini cha mkaka chopanda ntchito, ndipo zithunzi zotsala ankaziyala bwinobwino m'sutikesi, zathunthu, zosapinda. Ziwiri anazimata pakhoma. Tcheyamani wa chipani wa m'mudzi mwathu atabwera kudzagulitsa makhadi anaziona, n'kutiyamikira kuti ndife banja lokonda dziko.

Poyamba sindinalabadire. Ndinkaona ngati ndi masanje, oti atha mvula ikayamba. Koma tsiku ndi tsiku ndikabwera kusukulu, miyendo ili mbuu ndi fumbi, njala ikundipota, ndinkawapeza awiriwo pamphasa pakhonde, mitu yawo itagundana, akuseka. Kusukulu kwathu tinkakhala pansi, othinana, ndipo aphunzitsi dzina langa sankalidziwa. Ankanditcha "iwe wakukhomawe." Ukalakwitsa liwu limodzi, ndodo. Pano mwana mmodzi anali ndi mphunzitsi wakewake, wosamenya, womuwotchera mbatata akatchula bwino. Amayi omwewo anali asanakhalepo nane pansi kuti aone kope langa. Ndikawauza kuti ndakhoza masamu onse, ankayankha maso ali m'chitini, "Wachita bwino. Kaike madzi pamoto." Ndinkapita kukaika madziwo, mtima ukuwira kuposa madzi omwewo.

Chinanyanya n'chakuti mwanayo mutu wake unkagwira. Pofika nthawi yothyola fodya anali atayamba kulumikiza mawu yekha. Ankayala zilembo pamphasa, chilichonse n'kuchitsindira ndi kamwala kuti mphepo isachiulutse. Poyamba ankatsindira ndi njere za chimanga, koma nkhuku zinamudyera phunziro lonse tsiku lina, ndipo nkhani imeneyo amayi anaifotokozera mudzi wonse ngati kuti mwana wawo wachita chodabwitsa. Vuto lake linali A. Chichewa chimadya ma A ambiri, ndipo m'chitinimo sankakwanira. Ma Q ndi ma X ankangogona pansi pa chitini osagwira ntchito, iye n'kumawatcha alendo.

"Achemwali, kusukulu kwanu kulibe A wotsala woti mundibwereke?" ankandifunsa, akundiseka ndi maso.

"Kusukulu sitisewera ndi zinyalala," ndinkamuyankha.

Ndinkamuuza kuti kusukulu yeniyeni kuli ndime, kuli chimangirizo, kuli zinthu zoti iye sangazimve. Tsiku lina anati ndimuonetseko m'kope mwanga mmene timalembera. Ndinakhalira kopelo n'kumuuza kuti si za ana.

Kenaka mng'ono wanga anayambitsa chomwe ankachitcha nyuzi ya pakhomo. Masana alionse ankayala mzere umodzi wokha pamphasa, wonena zomwe zachitika panyumba. Abambo ankalima fodya wa chikopa, woumitsa ndi utsi, ndipo nyengo imeneyo ankatandala kubalani akusonkhezera moto. Akamabwera, maso ofiira, malaya akununkha utsi, ankaima pakhonde n'kuwerenga mzerewo pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka. MBUZI YADYA SOPO. AGOGO ATAYA FODYA WAO. TAMBALA WAKANA KULIRA. Abambo sanali munthu woseka wamba, koma apa ankaseka mpaka kutsokomola. Posakhalitsa anthu oyandikana nafe akamadutsa ankafunsa ali panjira, "Lero nyuzi yati bwanji?" Ine ndinkaima pambali, kope lili m'manja, lodzaza ndi zochonga zofiira za aphunzitsi, wopanda wolifunsa. Ndinkachita nsanje kwambiri.

Lachinayi lina ndinaterereka padambo pobwerera, n'kugwa chagada m'matope. Ndinafika kunyumba yunifolomu ili thapsa, tsitsi lomwe lili matope. Mawa lake nditabwera ndinapeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ataima pakhonde pathu. Pamphasa panali mzere wautali kuposa masiku onse: ACHEMWALI ASAMBA MATOPE. Pafupifupi ma A onse a m'chitini anathera pa ine. Aliyense ankaseka, amayi akupukuta misozi ndi chitenje. Zimenezo ndikanapirira. Koma abambo atamaliza kuseka anagwira mwanayo pamutu n'kuuza mnzawo yemwe anaima nawo:

"Mutu uli apa, achimwene. Mwana uyu akanakhala ndi miyendo, sukulu ikanakhala yake."

Sanandiyang'ane, ndipo sindikhulupirira kuti ankafuna kundipweteka. Koma ine ndinamva kuti m'nyumbamo ndine miyendo chabe.

Loweruka m'mawa amayi anapita kuchigayo, abambo ali kubalani, mng'ono wanga akusenda mtedza kuseri kwa nyumba. Ndinalowa kuchipinda n'kukoka mulu wosakhudza uja. Ndinasankha tsamba lokhala ndi A wamkulu, wonenepa. Ndinaima pakhomo n'kulikweza kudzuwa monga ankachitira amayi, ndipo nkhopeyo ndinaiona bwinobwino kuseri kwake. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Sizasi amayi ankayenda nayo, choncho ndinatenga lezala la abambo pamwamba pa chitseko, n'kudula mosamala, lilime lili panja. Nditatembenuza chilembocho, kuseri kwake kunali diso limodzi ndi theka la mphuno. Tsamba lobookalo ndinalilowetsa pansi penipeni pa mulu, chilembo n'kuchiponya m'chitini.

Sindinkafuna kuti wina amangidwe. Zimenezo ndinkangozimva m'manong'onong'o a akuluakulu, ndipo sindinkaganiza kuti zingafike pakhomo pathu. Ndinkangofuna kuti abambo akalipe, mphasa ipindidwe sabata imodzi kapena ziwiri, mwanayo alireko pang'ono, anthu akumbuke kuti wa sukulu ndani.

Mng'ono wanga anamupeza A watsopanoyo tsiku lomwelo ndipo anakondwa naye. Sanamutembenuze, chifukwa panalibe chomutembenuzira. Masiku atatu A ameneyo anagona pamphasa pamaso pa aliyense, kamwala kali pamwamba, anthu akuwerenga n'kumaseka. Ine ndinkangodikira, theka mantha, theka kusaleza. Tsiku lachitatu abambo anabwera okha, popanda mlendo. Ataweramira kuti awerenge, ndinayandikira ngati ndikufuna kuona nawo, n'kukankha kamwalako ndi chala cha kuphazi. Kamphepo kanachita kotsalako. Chilembo chinagudubuka, diso lija n'kutiyang'ana tonse.

Abambo sanakuwe. Anayang'ana kunjira, anayang'ana kunyumba ya oyandikana nafe. Anatukula phazi kuti abise kapepalako, koma analibweza msanga atakumbukira chomwe akufuna kuponda, n'kuvundikira ndi chipewa chawo.

"Lowani m'nyumba nonse," anatero.

Anatseka chitseko dzuwa lili pamutu, ndipo ankayankhula monong'ona.

"Wadula ndani?"

"Ine sizasi sindigwira, ababa," anatero mng'ono wanga. Anali asanamvetse bwino chomwe chachitika.

Amayi anatenga chilembocho n'kupita nacho pomwe kuwala kumalowera pazenera. Anachiyang'ana nthawi yaitali, osati diso lija, koma m'mbali mwake momwe chinadulidwira. Ine ndinali nditatsamira khoma, ndikudikira kuti atembenuke. Sanatembenuke.

"Ndine," anatero. "Kuyenera kuti kunali mitambo."

"Mitambo? Mayi a ana, mukufuna ana awa akule opanda bambo? Anthu angati aima pakhonde pano sabata ino? Mphepo ikanaomba dzulo, tcheyamani ali pomwepa, bwenzi tikunena chiyani? Mwaiwala bambo wa kutsidya kwa dambo uja? Galimoto inamutenga chaka chatha, mpaka lero mkazi wake sadziwa koti akapereke chakudya."

Abambo anakoka mulu wa pansi pa bedi, anafufuza mpaka kupeza tsamba lobooka lija, ndipo ataona chibowo pakati pa nkhope anakhala pansi kaye. Kenaka anatenga thumba la chiguduli. Analowetsamo tsambalo, mulu wonse, masamba omwe anali asanadulidwe, n'kukhuthuliramo chitini. Zithunzi zathunthu za m'sutikesi ndi za pakhoma anazisiya. Mng'ono wanga anakwawa n'kuwagwira mwendo.

"Ababa, mundisiyireko za dzina langa zokha. Ndazitembenuza, kuseri kulibe kanthu."

"Ayi, mwanangu. Palibe chotsala."

Anasenza thumbalo ngati muli masamba a fodya, n'kupita nalo kubalani, komwe utsi unkafuka tsiku lililonse ndipo palibe akanafunsa kuti chikupsa n'chiyani. Mng'ono wanga sanalire mokweza monga ndinkayembekezera. Anatuluka ndi ndodo yake, n'kukhala pamphasa, kutola timiyala take tonse n'kutiika m'chitini. Anthu odutsa atafunsa za nyuzi, amayi anawauza kuti chiswe chadya mapepala.

Mawa lake tinkakonola chimanga ine ndi amayi, wina uku wina uku pamtondo umodzi. Tinasinja nthawi ndithu. Ndiye amayi anaimitsa munsi wawo, osandiyang'ana.

"Sizasi yanga sidula mowongoka chonchija," anatero. "Ndipo lezala la abambo ako unalibwezera mozondotsa."

Inenso ndinaimitsa munsi wanga.

"Sinja, dzuwa likupita," anatero amayi.

Anathera pomwepo. Amayi sanawauze abambo, sanamuuze mng'ono wanga, ndipo kwa ine sanaitchulenso nkhaniyo mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Ndinkalakalaka akanandimenya, chifukwa kumenyedwa kumatha.

Patapita sabata amayi anayesa kupitiriza ndi khala, akulemba pansi pakhonde. Abambo atabwera anafufuta ndi phazi. Anati pakhomo pawo safunanso mawu olembedwa pomwe munthu wodutsa angaone, chifukwa mawu amaitana anthu, anthu n'kuyamba mafunso. Amayi anayesanso m'nyumba kangapo, koma mwanayo anali atagwa mphwayi. Ankaopa, ankaganiza kuti masewera ake ndi omwe anatsala pang'ono kumangitsa abambo. Amayi anali atakonza zoti fodya akagulitsidwa ayambe naye zilembo zing'onozing'ono za m'kati mwa nkhani, koma fodya anagulitsidwa mapepala kulibe. Chaka chotsatira kunabadwa mlongo wathu, manja a amayi n'kudzaza. Mng'ono wanga anapatsidwa singano ndi ulusi. Ku Nathenje amayi ankagulabe mchere, ndipo bambo wa golosale akawalozera katoni yatsopano ndi maso, amayi ankangopukusa mutu.

Chomwe ndinkafuna ndinachipeza. Mphasa inapindidwa, ndipo wodziwa kulemba m'nyumbamo ndinatsala ndekha. Koma nthawi yomwe amayi ankakhala pamphasa ija sanaipereke kwa ine, anaipereka kudimba. Abambo anapempha kope langa kamodzi, mwina pofuna kudzaza pomwe panatsala pululu. Anatembenuza masamba atatu, milomo ikugwedezeka, n'kundibwezera.

"Chabwino. Limbikira."

Munalibe choseketsa m'kopemo, ndipo ine ndinkadziwa. Ndikanatha kumuitana mng'ono wanga n'kumuonetsa zomwe ndinamukaniza zija. Sindinatero. Ndinkaopa kuti ndikangomuonetsa, pakatha miyezi iwiri andiposanso.

Ine ndinapitirira ndi sukulu mpaka kukhala mphunzitsi, ndipo Chichewa ndachiphunzitsa zaka zambiri. Mng'ono wanga ali pa Mitundu, ali ndi makina ake osokera pakhonde la sitolo, ndipo amayi a kumeneko amamulimbirana. Zilembo zing'onozing'ono anadzaphunzira kuziwerenga yekha atakula, movutikira, m'buku la nyimbo, koma dzanja lake linakana. Polemba amalemba zikuluzikulu zokhazokha, chilichonse payekhapayekha, motalikirana. Nkhani ya tsiku lija amaifotokoza mopanda mkwiyo. Amati amayi, Mulungu awasunge, maso anali atayamba kuwavuta. Ine ndimangovomera ndi mutu.

Makalata amandilemberabe, papepala long'amba m'kope la miyeso ya madiresi. Mwana wanga wamkazi ali wamng'ono anaona imodzi n'kundifunsa, "Amayi, bwanji amayi aang'ono amalemba ngati chikwangwani cha pagolosale?" Ndinamuuza kuti ndi mmene anaphunzirira, n'kumutuma kukatunga madzi. Makalatawo amakhala aafupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, koma amuna anga amawalanda n'kumawerenga mokweza, nyumba yonse n'kufa ndi phwete. Anga, a ndime zokonzeka bwino, palibe anawawerengapo mokweza.

Kalata yake iliyonse ndimaiwerenga kawiri. Koyamba ndimaseka nawo, nthawi zina misozi n'kulengeza. Kachiwiri ndimawerenga ndili ndekha, cholembera chofiira chili pafupi, ndikufunafuna pomwe walakwitsa.